Tsiku Limene Ndinaloka Pikapu ya Alamu

Mawu amene anabala dzina limene mumandiitana nalo lija ndinayamba kuwamva ku Joni, m'galaja ina kumene ndinkagwira ntchito yotsuka zitsulo. Musati ndinali makanika, ayi, ngakhale kuti nditabwera kuno anthu ankaganiza choncho ndipo ine sindinaone chifukwa chowatsutsira. Ntchito yanga inali beseni, bulashi ndi palafini. Koma maso ndinali nawo, makutu ndinali nawo. Tsiku lina kunabwera galimoto ya mpikisano, makanika wamkulu anatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kuitana anzake kuti adzaone. M'katimo munali tizitsulo tonyezimira, tondandalikana bwinobwino ngati ana a kwaya, kalikonse kali ndi kagudumu kakang'ono kunsonga. Ndinamukodola mnzanga wa ku Mozambiki amene tinkatsuka naye limodzi, ndati kodi timeneti n'tichiyani? Iye anati, "Ma lola loka."

Ndinabwereza mumtima, lola loka, lola loka. Ndiye mukudziwa mmene mutu umachitira ukakumana ndi mawu achilendo, umafuna uwapezere achibale. Ndinati loka, kodi si kuloka kuja timalokera chitseko? Nanga lola, si kulola komwe kuja? Lola, loka. Ndiye kuti chitsulocho chikuchita kupempha chokha kuti chilokedwe. Ndinasangalala kwambiri kuti chizungu china n'Chichewa chomwe, kungoti eni ake sadziwa.

Mawuwo ndinayenda nawo. Ndinapita nawo ku Tete kumene ndinkagulitsa masaka, ndinapita nawo ku Chipata kumene ndinkakonza mawailesi, ena ankayambadi kuyankhula, ena ankasiyiratu, ndinapita nawo ku Nchalo kodula nzimbe. Masiku amenewo ndikakhalitsa malo amodzi mapazi ankayabwa, ndipo mpaka lero ndikamva basi ikusintha giya pamsewu waukulu mtima umanyamuka wokha n'kukwera. Palibe amene anandikhazika pansi kundiphunzitsa kanthu. Zonse ndinkaphunzira posuzumira paphewa la munthu. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, kungoti paphewa umaona zimene manja akuchita, zimene mutu ukuganiza suziona.

Ndinabwerera kwawo kwa mayi a kunyumba, kuseri kwa Kaluluma kuno, m'zaka zija makuponi a feteleza anali pakamwa pa aliyense. Mukukumbukira. Munthu ukakumana naye moni usanathe wafunsa kale kuti dzina lako latuluka kapena ayi. Ine ndinafika ndi chikwama chimodzi, wailesi yosayankhula ndi nkhani zambirimbiri za maiko. Mkamwini wobwerera chotero anthu samunena pamaso, koma ukamadutsa amasiya kuseka n'kuyambiranso ukapitirira.

Mwini mbumba pamudzipo ndi a Gedioni, achimwene awo a mayi a kunyumba, alamu anga. Munthu wa fodya, wosayankhula zambiri, amene akafuna kukudzudzula amangovula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake. Anali ndi pikapu yakale yochokera ku Joni, ya petulo, imene inali chilichonse pamudzipo. Odwala inanyamula, maliro inanyamula, mabelo a fodya inanyamula. Vuto lake linali limodzi. Ikasenza katundu wambiri, pa mchenga wa pamtsinje paja inkafika n'kukhala pansi, mpaka anthu atsitse theka la katundu, aikankhe, akwezenso.

Chaka chimenecho kalabu yathu ya alimi inali italandira makuponi, ine ndemwe dzina langa linatuluka, ndipo tsiku lina mbiri inamveka kuti lole ya feteleza ifika ku depoti m'mawa mwake. Wapampando wa kalabu, mayi Nyirenda, mphunzitsi wopuma wochokera kumpoto, anali atapangana ndi alamu kuti anthu akagula, pikapu ikatenge matumba onse. Petulo ankasowa, alamu anali ndi chigubu chimodzi chimene ankachisunga ngati mankhwala a mwana, ndiye nkhawa yawo inali yakuti ulendo ukhale umodzi, osati kubwerezabwereza.

Ine sindinapite kwa alamu kukakonza galimoto. Ndikufuna zimenezi zimveke. Ndinapita kukabwereka sipanala kuti ndimange chishalo cha njinga, basi. Alamu pofufuza sipanalayo kunsi kwa bedi anakoka katoni ina yolemera, n'kunena kuti, "Izi watumiza Yotamu, akuti zimawonjezera mphamvu. Akuti ndisakhudze, adzaika yekha akabwera pa Khirisimasi." Yotamu ndi mwana wawo woyamba, amene ali ku Joni ndipo ndi makanika weniweni, wa ovolosi yolembedwa dzina.

Anatsegula. Anzanga, tizitsulo tija. Tonyezimira, tokhala ndi kagudumu kunsonga. Mtima wanga unabwerera ku Joni nthawi yomweyo, fungo la palafini linandifika m'mphuno, ndipo pakamwa panayankhula pasanandifunse.

"Awa ndi ma lola loka."

Alamu anandiyang'ana mmene anali asanandiyang'anepo chibwerere changa.

"Mumawadziwa, alamu?"

"Kuwadziwa? Ndawatsukapo ndi manja angawa."

Sindinaname.

Ndinayamba kuwaonetsa zina zonse za m'katonimo ngati ndine ndalongedza. Ndati awa ndi masitadi, mabauti opanda mutu amene loka aliyense amakhalapo. Izi zazitali zowonda ngati mapensulo ndi mapushirodi, zimakankha loka kuchokera pansi, loka n'kukankha valavu, valavu n'kutsegula kuti injini ipume. Mpaka pamenepo zonse zinali zoona, ndipo ndinadabwa nane kuti ndikuzidziwa. Alamu anavula chipewa, koma sanayang'anemo, anangokanda m'mutu.

"Ndiye tikaika zimenezi, pamchenga paja ingadutse itasenza?"

"Ingadutse ikuimba nyimbo."

"Nanga Yotamu akuti tidikire."

"Khirisimasi ndi kutali, alamu. Feteleza ndi mawa."

Kodi inu mukanakhala alamu mukanatani? Tinaikankhira pikapu m'chigafa, poti nthawi imeneyo munalibe fodya, n'kutsegula boneti.

Choipa kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti poyamba zinkatheka. Chivundikiro chinachoka bwinobwino. Maloka akale, akuda bii ndi oilo, ndinawamasula onse. Masitadi akale ndinawazula ndi nzeru ina imene ndinaiona ku Joni, yomangirira manati awiri pamodzi n'kupotokola wapansi, ndipo sitadi yoyamba itatuluka alamu anaomba m'manja kamodzi. Munthu amene saombera m'manja ngakhale kwaya ya kutchalitchi. Ndinaika masitadi atsopano, ndinatsitsa mapushirodi m'mabowo mwake, iliyonse inakhala pamalo pake n'kumveka kuti ti, ndinaveka maloka n'kuika manati ndi zala. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Zinali ngati ku Joni ndithu.

Alamu anatambasula chala n'kugwedeza loka mmodzi.

"Bwanji akugwedera?"

"Sindinaloke."

"Chifukwa akale aja ankagwedera pang'ono. Yotamu ankalowetsapo kachitsulo kopyapyala ngati lezala, n'kumazunguza injini ndi dzanja, amvekere mpata ukhalepo."

"Amenewo anali akale, alamu. Awa dzina lawo likunena lokha. Loka. Chinthu cholokedwa chigwedere bwanji? Chitseko chanu mukaloka chimagwedera?"

Alamu anaganiza kaye n'kuvomera kuti chawo chimagwedera, koma n'chifukwa cha chiswe.

Ndinagwira sipanala. Nati woyamba ndinamanga mpaka kugwedera kunatha, ndinapitiriza mpaka sipuling'i ya valavu inayamba kugwada, ndinapitirizabe mpaka nati anafika pansi n'kukana. Injini sindinaizunguze, ndizunguziranji? Ena ankalimba msanga, ena ankatenga nthawi, ndipo zimenezi zinandizunguza mutu pang'ono, koma ndinati zitsulo nazo zili ngati anthu, ena amamva msanga. Nditamaliza panalibe chimodzi chogwedera. Mukanatha kukhalapo.

Ili mkati ntchitoyo mayi a kunyumba anabwera ndi madzi akumwa. Anaona mulu wa zitsulo zakuda pansi n'kufunsa kuti, "Bambo a Tiyamike, izi zili ndi ntchito? Kumsewuku kukudutsa anyamata osinthitsa zitsulo zakutha ndi mabeseni."

"Zimenezo ndi mbiri yakale," ndinatero osatembenuka. "Tengani."

Alamu anangoyang'ana zatsopano zikunyezimira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sitinailize madzulo omwewo kuti tione. Batire inali kusitolo kotchajitsa, ndipo alamu anati petulo wawo si wosewerera. Ndinagona tulo tabwino kwambiri. Ndinalota ndikudutsa pamchenga paja nditakhala pamwamba pa matumba, anthu akugwedeza manja.

M'mawa dzuwa litakwera pang'ono foni ya alamu inalira. Mayi Nyirenda. Anati anthu agula, matumba onse awaunjika kunja kwa mpanda wa depoti poti m'kati akuti mulibe malo osungira katundu wogulidwa kale, ndiye pikapu ibwere msanga chifukwa kumadzulo, cha ku Zambia uko, kukuda. Tinayang'ana. Kunkadadi. Ndipo inu alimi mukudziwa zimene mvula imachita ndi yureya.

Alamu anathira petulo mosamala, anamanga batire, anakhala pampando n'kupotokola kiyi. Injini inazungulira mopepuka, wii wii wii, ngati makina osokera opanda ulusi, apo ndi apo kukumveka go. Kulira osalira.

"Alamu?"

"Ikuzolowera."

Anayesanso. Wii wii go. Ine m'mutu munayamba kuyenda zinthu. Masitadi alimo, mapushirodi alimo, maloka alimo, nanga chasowa n'chiyani? Ndinaganiza, ndinaganiza, mpaka yankho linabwera, ndipo linabwera ndi mphamvu ngati vumbulutso. Sanalokeke mokwanira.

Ndinachotsanso chivundikiro, ndinatenga paipi ya jeke yodindira fodya n'kuiveka ku sipanala kuti dzanja litalike. Nati woyamba analira, n'kuyenda pang'ono. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinachita kukoka ndi thupi lonse, kunamveka thyo, ine n'kukhala pansi, paipi ili m'manja, nati ndi theka la sitadi zikugubuduka m'fumbi.

"Chathyoka n'chiyani?"

"Imeneyo ndi sitadi yochenjeza," ndinatero. "Imathyoka kusonyeza kuti zakwana."

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu amenewo anachokera. Choopsa n'chakuti nditawanena, theka la mutu wanga linawakhulupirira.

Apa n'kuti anthu atayamba kusonkhana, amene anatsala pamudzi kudikira kutsitsa matumba. Wina anati mwina petulo sakufika. Ndinati ndimaganiza zomwezo. Ndinachotsa chosefera mpweya, ndinathira petulo pang'ono m'kamwa mwa kabuleta, alamu akutseka maso kuti asaone, kenako ndinaweramira pomwepo kuti ndione ngati akumeza.

"Lizani."

Sindinamve phokoso, ndinangoona kuwala. Nditatsegula maso anthu onse anali atabwerera m'mbuyo, kukununkha ngati akuwaula nkhuku. Ndinagwira kumaso. Nsidze kunalibe. Ndevu za mbali imodzi zinali zitapita. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena motsitsa kuti, "Mwafanana ndi chithunzi chanu cha pa ukwati."

"Moto ulipo," ndinauza anthu. "Ndiye kuti tayandikira. Ndi batire yafooka. Tiikankhe."

Kwathu kuno n'kwachidikha, mukudziwa, malo otsetsereka ndi amodzi okha, njira yopita kudambo. Tinaitulutsa m'chigafa, alamu pa chiwongolero, ife tonse kumbuyo, amayi atamanga zitenje, mkulu wa mpingo atavula jekete. Tinakankha, inayamba kuthamanga, ine ndikukuwa kuti giya yachiwiri, giya yachiwiri, siyani kilatchi. Alamu anasiya kilatchi. Phokoso limene linatuluka m'boneti linali ngati thandala la mbale lagwa ndi mapoto omwe. Pikapu inadumpha, inatsokomola, inadumphanso, alamu anaponda kilatchi ndi mantha, ndipo inangotsetsereka mwakachetechete, ife tikuithamangira, mpaka inakaima matayala akutsogolo atamira m'matope, pakati pa bedi la nazale ya fodya. Nazale ya alamu omwewo.

Alamu anatsika, anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake nthawi yaitali.

Ndinatsegula chivundikiro kachitatu. Ndinasolola pushirodi imodzi. Inali yopindika ngati nthochi. Ndinasolola ina, ngati chikwakwa. Ndinaima pamenepo ndikuzitembenuza, ndipo ndikukuuzani zoona, funso limene linali m'mutu mwanga linali lakuti, kodi zinabwera choncho ine osaona? Nanga dzulo sizinali zowongoka? Kapena zimapindika dala zikayamba ntchito? Chimene sindinachiganizire ngakhale pang'ono ndi maloka. Maloka ndinali nditawachita bwino.

"Timuimbire Yotamu," anatero alamu.

Kudambo kulibe netiweki, koma pali chulu chachikulu chimene ukakwera pamwamba n'kuyang'ana kum'mawa foni imagwira. Tinakwera, alamu, ine, ndi aliyense amene anakwanapo. Alamu anaika foni pokweza mawu n'kundipatsa.

"Ankolo," anatero Yotamu nditamufotokozera, "ndinati mudikire. Chabwino. Mwasiya mpata wotani pakati pa loka ndi valavu?"

"Mpata wa chiyani? Ndaloka."

"Mwatani?"

"Ndaloka onse, mpaka pansi. Ena ndachita kuwonjezera ndi paipi."

Ndinaganiza kuti netiweki yathawa, ndinakweza foni m'mwamba.

"Ankolo," mawu anabwerera, ang'onoang'ono, "amenewo si maloka. Ndi maloka."

Ndikunena mmene makutu anga anamvera.

"Ndi zomwe ndikunenazo."

"Ayi, ankolo. Loka. Osati loka. Loka."

Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana mkulu wa mpingo, mkulu wa mpingo anayang'ana kumwamba kumene mitambo inali itafika kale pakati. Alamu analanda foni.

"Iwe Yotamu, mayunitsi akutha. Nena chimodzi. Ndi loka kapena ndi loka?"

"Ababa, ndi R. R wa Rumphi, osati L wa Lilongwe."

Alamu anaphimba foni ndi dzanja n'kutembenukira kwa ine. "Akuti ndi za ku Lumphi."

"Lumphi walowa bwanji? Zitsulozi si zachokera ku Joni?"

"Iwe Yotamu, ankolo ako akuti zachokera ku Joni."

"Zachokeradi ku Joni, ababa."

"Nanga ku Lumphi zinakatani?"

Wina kumbuyo anati mwina basi inasochera. Wina anati ndiye chifukwa chake zapindika, msewu wakumeneko ndi wokhotakhota. Ine ndinali nditasiya kuganiza, ndinangogwira pushirodi yanga ngati kandulo.

Tili pomwepo tinaona njinga ikubwera mwaliwiro kuchokera kumsewu. Mayi Nyirenda, atatopa kudikira, chitenje chitamangidwa m'chiuno, nkhope yosafuna moni. Anayang'ana pikapu m'nazale, anayang'ana gulu la anthu pachulu, anayang'ana nkhope yanga n'kuchedwapo pang'ono, kenako anakwera chulu n'kutambasula dzanja. Alamu anapereka foni ngati mwana wogwidwa ndi kalata m'kalasi. Anamvetsera, akungoti eya, eya, eya, kenako anatsika, anandilanda pushirodi yopindika ija n'kulemba nayo pansi zilembo ziwiri zikuluzikulu.

"Bwerani kuno, dada. Ichi n'chiyani?"

"L."

"Ichi?"

"L winayo. Wamiyendo."

"Uyu ndi R. Mawu ndi awiri. Oyamba ndi chilembo L ndiye kuloka kwanu kwa chitseko. Oyamba ndi chilembo R ndiye kugwedezeka, uku ndi uku, mmene mayi amachitira potonthoza mwana." Anayamba kudzigwedeza, manja atafungata mpweya. "Chitsulocho ntchito yake ndi imeneyi. Dzina lake likunena lokha kuti chizigwedera."

Alamu anandiyang'ana. Mawu akuti dzina likunena lokha anali atawamvapo dzulo lake.

"Nanga lola?" ndinafunsa, poti ndinali ndidakali ndi kachiyembekezo.

"Nayenso ndi R. Ndi kagudumu kaja, kogubuduzika."

Ndiye kuti panalibe amene analola chilichonse. Zaka zonse zija, Tete, Chipata, Nchalo, ndinkayenda ndi mawu awiri m'thumba, onse ali chadodolido.

"Tanenani," anatero mayi Nyirenda, uphunzitsi utawabwerera. "Rrroka."

"Loka."

"Yayi, dada. Lilime linjenjemere. Rrr."

"Lll."

Anthu pachulu anayamba kuyesa nawo, aliyense payekha, mkulu wa mpingo, amayi, alamu amene. Rrr, lll, rrr, ngati achule ayamba msanga. Ndipo kumwamba nako kunayankha ndi R weniweni, wautali, wochokera ku Zambia mpaka pamutu pathu. Tonse tinakumbukira matumba.

Yotamu anali adakali pa foni. Anati ngati mavalavu sanapindike, tibwezeretse zakale zonse, masitadi, mapushirodi ndi maloka, timange pang'onopang'ono iye akutiuza, mwina ingalire. "Zakale zija zili pomwepo, eti?"

Ine ndinayang'ana mayi a kunyumba. Anthu onse anatsatira maso anga. Iwo anali ataima m'munsi mwa chulu, pamutu atasenza beseni latsopano lofiira, lonyezimira, limene anabwera nalo kuti atungire madzi othirira nazale. Analitsitsa pang'onopang'ono n'kulikweza kuti aliyense alione.

"Ndi izi," anatero.

Foni inatha mayunitsi pomwepo, ndipo ndikuganiza kuti inachita bwino.

Mayi Nyirenda sanataye nthawi ndi ine. Anatuma anthu kukabwereka ngolo kwa aneba a tsidya lina, anauza alamu kuti amasule lona wa pikapu, ndipo ine anandiuza kuti nditsogole ng'ombe, poti ng'ombe zilibe manati. Ndinayenda kutsogolo kwa ngolo mpaka ku depoti, wopanda nsidze, ndevu mbali imodzi, aliyense wokumana naye akufunsa kuti kodi pikapu ili kuti, ndipo wina m'ngolomo ankayankha mokondwa kuti, "Ailoka."

Tinapeza matumba ali bwino, mphepo yokha ikuwomba. Tinakweza mofulumira, wachitowe pansi, yureya pamwamba, mayi Nyirenda akuitana mayina. Lona wa pikapu ndi wa pikapu, pangolo yodzaza chotero anaperewera. Thumba limodzi linayenera kukhala kunja, kumapeto kwenikweni. Palibe amene anafunsa kuti likhale la yani. Ngakhale ine sindinafunse, ndinalinyamula ndekha n'kukaliika.

Mvula inatipeza pamchenga paja. Ng'ombe zinadutsa osaima, zitasenza katundu yense, ulendo umodzi, zopanda loka ngakhale mmodzi. Ine ndinavula jekete n'kufunditsa thumba langa, kenako ndinaligonera ndi mimba, madzi akulowa m'khosi n'kutulukira m'miyendo ya buluku, ndikumva yureya akuzizira pansi panga. Ndinakwaniritsa maloto anga ndithu. Ndinadutsa pamchenga nditakhala pamwamba pa matumba, anthu akugwedeza manja.

Feteleza wa ena onse a m'kalabu anafika wouma. Aliyense anasenza wake, mayi Nyirenda anathokoza mwini ng'ombe, anathokoza alamu chifukwa cha lona, n'kundiuza ine kuti nsidze zimamera. Madzulo ng'ombe zomwezo zinakazula pikapu m'nazale n'kuibwezera m'chigafa, kumene inakhala mpaka Yotamu atabwera pa Khirisimasi ndi katoni ina. Alamu sanandikalipire ngakhale liwu limodzi, ndipo bola akanakalipa. Anangotenga mapushirodi opindika aja n'kuwakhomerera pa nsanamira za chigafa. Alendo akafunsa amati, "Alamu anga anatipangira. Tinalibe popachika zipewa."

Thumba langa ndinaliimika pakhonde kuti liume. Linaumadi. Nthawi yobereketsa chimanga itakwana, mayi a kunyumba anamasula kukamwa kwake, analowetsa dzanja, dzanja linabwerera. Anagogoda ndi chala, kunamveka ngati khoma. Anatenga khasu n'kumenya ndi msana wake, khasu linadumpha. Ine ndinali kuseri ndikumanga chishalo cha njinga chija, chimene chinayambitsa zonsezi, ndipo ndinamva akuitana ndi mawu aulemu kwambiri.

"Bambo a Tiyamike, tabwerani mudzaone. Nayenso waloka."

Tinamuswa ndi nyundo, tinamusinja mumtondo, n'kukathira zimene zinatsalapo, tikutapa m'beseni lofiira lija. Chimanga changa chaka chimenecho chinali chachifupi, koma chinali choongoka kuposa mapushirodi.

Kuyambira pamenepo, anzanga, ine sindimanga kanthu mpaka pansi. Chitsekero cha botolo ndimasiya chikugwedera, lamba ndimasiya bowo limodzi, chishalo cha njinga yanga chimayang'ana kumene chafuna. Ndipo munthu akandiuza mawu achizungu, ndisanawapezere achibale ndimafunsa kaye kuti, kodi ndi a ku Lilongwe kapena a ku Lumphi? Akaseka ndimadziwa kuti ndalakwitsanso, koma bola kusekedwa nsidze zili pamalo pake.

Tiyi wanga uyu wina amalize, ine ndinyamuke kusanade kwenikweni. Ayi, sindinakwiye. Tamverani kumsewuko, tiki tiki tiki. Ndi pikapu ya alamu imeneyo, maloka ake akugwedera mmene Yotamu anawasiyira. Akandipeza pakhonde la golosale pano aima, atsegula boneti dala, n'kuitana pagulu kuti alamu tadzaonani ngati zalimba. Njinga yanga ili kuseri, ndidzera njira ya kumunda. A Zimba, golosale yanuyi mukamatseka musandidikire. Mulokere nokha.